Mbali Imene Ili Chete

Bambo atamwalira anandisiyira Peugeot yoyera,
mathireyi a mazira makumi anayi,
ndi misewu ya Valparaíso
imene imagwa kuchokera kumitambo kukathera padoko
ngati madzi okhuthulidwa pakhonde.

Lolemba loyamba, ndikutsika Playa Ancha,
ndinaponda buleki pangodya.
Chiwongolero chinaphiriphitha m'manja mwanga
ngati nkhuku yogwidwa miyendo,
pansi pa phazi pakugunda, gu gu gu,
galimoto n'kupotokera kumanzere
kumene kunkakwera basi yodzaza ana a sukulu.
Mazira asanu ndi awiri anasweka.
Ndinalira, koma sindinkalira mazira.

Masabata atatu ndinalimbana nayo ndekha
ndisanapite kwa Nolberto Quilodrán,
makaniko wa galaja ya pansi pa masitepe,
wa chala chimodzi chodukira pakati.
Sanatsegule kanthu.
Anati, "Tsika mtsetse uwu katatu, Ximena, ubwere."
Nditabwera anagwada,
nayandikiza kuseri kwa dzanja ku gudumu lakumanzere.
Moto, ndi fungo la mphika woiwalika pachitofu.
Lakumanja: zii, ngati mwala wa m'tchalitchi.

"Ndiye lolakwa ndi lakumanzere," ndinatero.
Anapukusa mutu, akupukuta girizi pathalauza.
"Galimoto imathawira kumene kuli mphamvu.
Wodwala mufunefune kumbali imene ili chete."

Jeke, sipanala, manati asanu m'chitini cha sadini.
Kumanja pisitoni yagwidwa ndi dzimbiri,
mpweya wamchere wa doko waidya mwakachetechete,
mapadi ali onenepa ngati nsapato yosavalidwa.
Anafinya paipi ya labala:
kunja yosalala, mkati yotupa, yotseka njira.
Kumanzere mapadi atha, atsala ngati chikhadabo,
disiki yapsa mpaka kubiriwira.
Anaikapo kawotchi koyezera, nazungulitsa pang'onopang'ono,
singano n'kumavina, uku, uko, uku.
"Kunjenjemera kwako ndi kumeneku.
Chitsulo chikasenza chokha katundu wa awiri
chimapindika."

Mtengo anaulemba pachidutswa cha katoni.
Ndinafunsa ngati tingasinthe mbali imodzi yokha.
Anayang'ana mapazi anga.
"Unagulapo nsapato imodzi?"

Lachinayi madzulo anandikhazika pampando wa bambo,
iye ali pansi ndi botolo ndi kapaipi.
"Ponda! Gwira! Siya!
Ponda! Gwira, ndati gwira!"
Mafuta akale anatuluka akuda ngati khofi wogona,
thovu likutsatana m'kapaipi,
mpweya umene unalowamo bambo akadali moyo.
Ndinaponda mpaka buleki inalimba,
inayamba kundiyankha.

"Vutoli layamba liti?" ndinafunsa.
Anatembenuza pisitoni yakale m'dzanja.
"Zaka zitatu. Mwina zinayi."

Zinayi.
Ndinakumbukira mkono wa bambo wakumanja,
mmene ankauthowera usiku ndi nsalu yotentha,
ife n'kumati ndi nyamakazi, ndi ukalamba.
M'mawa uliwonse, m'chifunga,
ankatsika mapiri amenewa atakokera chiwongolero kumanja,
kubweza ndi mnofu zimene chitsulo chinakana,
ndalama ya kalipa ikupita ku fizi yanga ya unamwino
imene sindinamalize n'komwe.
Sanaswe dzira ndi limodzi lomwe.
Sanatiuze.

Nolberto analimbitsa manati modumphadumpha,
ili, ilo la kutsidya, kenako ili,
nati ndiyende mofatsa masiku oyamba,
mapadi ndi disiki zidziwane.

Tsopano imaima chilili, mphuno kutsogolo,
chiwongolero chili phee ngati mbale patebulo.
Koma pangodya ija ya Playa Ancha
dzanja langa limakokerabe kumanja lokha,
kukonza cholakwa chimene kulibenso,
tayala n'kukhudza m'mphepete mwa msewu.
Ine ndinangoligwira masabata atatu.

Disiki yopsa ija ndinaipempha.
Ili pawindo la kukhitchini,
ikutsamiritsa chitseko chake mphepo ya kunyanja ikawomba.